Kwa eni mlandu umaola

Ndinagwira ntchito zaka zinayi ndi theka m'nyumba ina yaikulu yosungiramo katundu kum'mawa kwa Johannesburg ndisanadziwe kuti malipiro anga anali ochepa poyerekeza ndi a anzanga amene tinkagwira nawo ntchito yofanana. Sikuti ndinachita kufufuza ayi. Tsiku lina lolandira, mnzanga wina, mbadwa ya komweko, anandipempha kuti ndimuthandize kuwerengera maola ake a ovataimu chifukwa ankaganiza kuti amudula, ndipo nditayang'ana pepala lake la malipiro ndinaona kuti ndalama imene ankalandira pa ola inkaposa yanga. Tonse tinkayendetsa forklift, tonse tinali ndi satifiketi yake, tinkalowa shifiti imodzi, ndipo iyeyo atangofika kumene ndine ndinamuphunzitsa ntchito. Papepala lake analembedwa kuti ndi woyendetsa makina, pamene pa langa panali palembedwebe kuti ndine wantchito wamba, monga mmene anandilembera tsiku loyamba.

Patapita masiku ndinafunsa anthu ena awiri ochokera m'mayiko oyandikana amene ankayendetsanso makinawo, ndipo ndinapeza kuti nawonso anali pamlingo wa wantchito wamba. Oyendetsa makina tinalipo asanu ndi anayi, ndipo atatu amene tinali pamlingo wotsika tonse tinali obwera. Ndinapita kwa kapitawo wathu mwaulemu, ndikuganiza kuti mwina ku ofesi anangoiwala kusintha mapepala. Iwo anandiyankha pamaso pa anthu kuti ife makwerekwere tiyenera kumathokoza kuti tili ndi ntchito, ndipo ngati ndalamazo zikundichepera ndikwere basi ndizipita kwathu. Liwu lakuti makwerekwere, lonyoza anthu obwera, ndinali nditalimva kambirimbiri mumsewu ndi m'mataxi, koma kulimva kuchokera kwa munthu amene amasainira maola anga kunandilasa mwanjira ina. Kuyambira tsiku limenelo anasiyiratu kunditchula dzina.

Ndinakhala chete miyezi inayi. Ndikufuna kufotokoza bwino za miyezi imeneyi, chifukwa ndi imene inatsala pang'ono kundilanda mlandu wonse. Anthu akwathu amene ndinawauza nkhaniyi, ena a iwo achikulire amene akhala kunja zaka zambiri kuposa ine, onse anandilangiza chimodzimodzi. Mmodzi anati: "Achimwene, kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna. Gwirani ntchito, tumizani ndalama kumudzi, zinazi zisiyeni." Sankandifunira zoipa, ndipo mantha awo anali ndi maziko, pakuti aliyense wa iwo anaonapo munthu akuchotsedwa ntchito chifukwa chotsegula pakamwa. Inenso mumtima mwanga ndinkakhulupirira kuti malamulo a ntchito a dziko la eni anapangidwira eni ake, kuti ine mlendo ndikakagogoda pakhomo la boma ndidzangodzionetsera kwa anthu amene angandithamangitse. Ndinkadzitonthozanso ndi mawu akuti mlandu suola, kuti tsiku lina ndikadzapeza ntchito ina ndidzaitsata nkhaniyi.

Mkazi wanga ndiye anandikakamiza kupita ku ofesi ina yopereka uphungu waulere kwa anthu apantchito, ataona kuti ndasiya kugona bwino ndipo ndikumakalipira ana popanda chifukwa. Mayi amene anandilandira kumeneko anamvetsera nkhani yonse osandidula, ndipo funso lawo loyamba silinali lokhudza pasipoti yanga kapena chitupa changa. Anandifunsa tsiku limene kapitawo analankhula mawu aja. Nditawauza, anawerengera pakalendala nati: "Bambo, mwatsala ndi masabata asanu ndi atatu okha." Anandifotokozera kuti lamulo lotchedwa Employment Equity Act la 1998 limapereka miyezi isanu ndi umodzi yokha kuti munthu akatule dandaulo la tsankho ku CCMA, bungwe limene limayanjanitsa ndi kuweruza mikangano ya pantchito, kuwerengera kuchokera tsiku limene chinthucho chinachitika. Munthu akachotsedwa ntchito mopanda chilungamo nthawiyo ndi yochepa kwambiri, masiku 30 okha, ndipo pa madandaulo ena monga okhudza kukwezedwa paudindo kapena kuimitsidwa ntchito ndi masiku 90. Wochedwa amayenera kupempha kaye kuti amukhululukire kuchedwako, kufotokoza chifukwa chake ndi kusonyeza kuti mlandu wake uli ndi mutu, ndipo pempholo likhoza kukanidwa. Malipiro otsika amabwerezeka mwezi ndi mwezi, choncho pa mbali imeneyo panali poyankhira, koma mayiwo anandichenjeza kuti ndisadalire zimenezo pamene nthawi yochita zinthu molongosoka inali ikadalipo.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuuza aliyense wogwira ntchito kunja kuti chinthu choyamba kufunsa ndi malire a nthawi, chifukwa dziko lililonse lili ndi ake ndipo ena ndi afupi kwambiri. Ku United States dandaulo lopita ku EEOC, bungwe la boma loona za tsankho pantchito, limayenera kufika pasanathe masiku 180, ngakhale kuti m'madera ena amafika 300. Ku Britain kwa zaka zambiri malire akhala miyezi itatu kuchotsapo tsiku limodzi, ndipo munthu amayenera kuyamba wadziwitsa ACAS, bungwe loyanjanitsa mikangano ya pantchito, asanapite ku khoti la zantchito. Mlendo amataya nthawi yambiri akuopa ndi kufunsa kwa alendo anzake, amene nawonso sadziwa, pamene masiku akutha.

Chachiwiri chimene ndinaphunzira tsiku limenelo ndi chakuti lamulo silinandisiye kunja monga ndinkaganizira. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limanena kuti aliyense ali ndi ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito, ndipo liwu limene analemba pamenepo ndi lakuti aliyense, osati nzika. Mu 1997, pa mlandu wa Larbi-Odam, khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo linagamula kuti kuletsa aphunzitsi obwera, amene anali ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo, kulembedwa ntchito yokhazikika chifukwa choti si nzika kunali tsankho losayenera. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khoti la zantchito linagamula kuti munthu wakunja amene chitupa chake chogwirira ntchito chinatha akadali wantchito pamaso pa lamulo, ndipo CCMA ili ndi mphamvu yomva dandaulo lake. Ine mapepala anga anali abwinobwino, popeza chitupa changa chinadzera muukwati wanga ndi nzika ya dzikolo ndipo chinkandilola kugwira ntchito. Komabe kumva kuti ngakhale wopanda mapepala sathamangitsidwa pakhomo la CCMA kunandichotsera mtolo umene ndinausenza zaka zambiri osadziwa. Ndiyenera kunena moona kuti chigamulo chimenechi sichisandutsa munthu wopanda chitupa kukhala wovomerezeka m'dzikomo. Nkhani yake ndi a Home Affairs imakhala ikadalipo, ndipo munthu wotere ayenera kupeza uphungu wa odziwa malamulo a zolowa ndi kutuluka asanasainire fomu iliyonse.

Pamene tinakhalitsa ndi mayi aja panali pa funso limene poyamba ndinaliona ngati losafunika: kodi ndinasalidwa pa chifukwa chiti? Ine ndinayankha kuti chifukwa ndine mlendo, ndipo ndinkaona kuti yankholo ndi lokwanira. Iwo ananditsegulira gawo 6 la lamulo lija la Employment Equity Act, limene limatchula zifukwa zimene munthu sayenera kusalidwa nazo, monga mtundu, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, kukhala ndi pakati, chipembedzo, msinkhu, ulumali, kukhala ndi HIV, chilankhulo, chikhalidwe, fuko kapena kumene munthu anachokera, ndi kubadwa. Unzika sunatchulidwe pamndandandawo. Umalowa m'mawu amene anawonjezedwa m'lamulolo mu 2014, onena za chifukwa china chilichonse chopanda maziko. Kusiyana kumeneku kuli ndi zotsatira zazikulu, chifukwa gawo 11 limanena kuti ngati chifukwacho chili pamndandanda, wolemba ntchito ndiye ayenera kutsimikiza kuti sanasale munthu kapena kuti zimene anachita zinali zoyenera, koma ngati sichili pamndandanda, mtolo wonse wa umboni umagwera wodandaula. Apa ndi pamene mawu achipongwe a kapitawo, amene ndinkafuna kuwaiwala, anasanduka umboni wofunika. Liwu lija silinena za pasipoti yokha, limanyoza kalankhulidwe ka munthu ndi kumene anachokera, choncho tinalemba dandaulo langa pa zifukwa zonse ziwiri, za pamndandanda ndi za unzika, kuti khomo limodzi likatsekeka lina likhale lotsegula.

Mayiwo sanandinamize pa mbali imene inali yofooka. Ndinawauza kuti chaka chapitacho ndinafunsira udindo wa mtsogoleri wa gulu ndipo sananditenge, ndipo ndinkafuna kuti zimenezo zilowenso m'dandaulo. Anandifotokozera kuti lamulo lomwelo limalola olemba ntchito kuika patsogolo magulu amene anaponderezedwa m'nthawi ya apartheid, ndipo magulu amenewo amawerengera nzika za dzikolo zokha, kotero kuti pa nkhani ya kukwezedwa kampani ikhoza kukhala ndi yankho lovomerezeka. Kuwonjezera apo, nthawi yake inali itadutsa kale. Zinandiwawa, koma ndinamvetsa, ndipo ndikuona kuti dziko limene linadutsa m'mbiri yotere lili ndi chifukwa chokonzera zimene zinaonongeka. Chimene lamulo sililola ndi kulipira anthu awiri mosiyana pa ntchito imodzi chifukwa cha kumene anabadwira, kapena kulekerera kapitawo kuti azinyoza munthu tsiku ndi tsiku, pakuti gawo 6 lomwelo limati nkhanza zotere ndi mtundu wa tsankho. Tinasiya za udindo n'kugwira ziwirizi.

Kusonkhanitsa umboni kunanditengera masabata atatu, ndipo apa ndinalipira mtengo wa kukhala chete kwanga. Mapepala anga a malipiro ndinali nawo, chifukwa ndimasunga chilichonse, pamodzi ndi kontrakiti ndi satifiketi ya forklift yokhala ndi tsiku limene ndinailandira. Koma za mawu a kapitawo ndinali ndisanalembe paliponse, ndipo ndinavutika kukumbukira kuti ananena chiyani tsiku liti ndi pamaso pa yani. Chimene chinandipulumutsa ndi mauthenga a pa WhatsApp amene ndinkatumizira mkazi wanga nthawi yopuma, pomudandaulira zimene zachitika, chifukwa uthenga uliwonse unali ndi tsiku ndi ola lake. Kuyambira pamenepo ndinagula kope laling'ono n'kumalemba madzulo alionse tsiku, nthawi, mawu enieni ndi anthu amene analipo. Mnzanga uja wa ovataimu anavomera kundipatsa kope la pepala lake la malipiro. Poyamba ankaopa, chifukwa tonse tinkauzidwa kuti kukambirana za malipiro ndi mlandu, koma lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limapatsa wantchito ufulu wokambirana ndi anzake za mmene analembedwera ntchito. Munthu ameneyu ndi mbadwa ya dzikolo, analibe phindu lililonse pa mlandu wanga, ndipo anaika ntchito yake pachiswe chifukwa cha ine. Ndimamukumbukira nthawi zonse ndikamva anthu akunena kuti eni dziko onse ndi amodzi.

Ndisanapite ku CCMA ndinayenera kudandaula kaye mkati mwa kampani, chifukwa lamulo limafuna kuti wodandaula asonyeze kuti anayesetsa kuthetsa nkhaniyo, komanso kampani imakhala ndi mlandu pa zochita za kapitawo wake ngati inauzidwa koma osachitapo kanthu. Ndinalemba kalata ya tsamba limodzi yopita ku ofesi yoona za antchito, yopanda mawu aukali, yongotchula masiku, mlingo wa malipiro ndi chimene ndinkapempha, ndipo ndinapempha kuti andidindire kope langa. Anandiitana patatha masiku khumi n'kundiuza kuti kusiyana kwa malipiro kunabwera chifukwa cha zaka zimene munthu wagwira ntchito, ndipo kapitawo ankangocheza. Yankho limeneli linandithandiza kuposa mmene iwo ankaganizira, popeza mwa anthu asanu ndi mmodzi amene ankalandira zambiri, anayi anandipeza ine ndili kale pantchito.

Fomu yotulira dandaulo ku CCMA imatchedwa LRA 7.11. Si yaitali, salipiritsa kalikonse, ndipo munthu akhoza kukaipereka yekha ku ofesi kapena kuitumiza pa intaneti. Pali malo ofunsa ngati ukufuna womasulira ndi chilankhulo chake, ndipo ngakhale Chingerezi ndimachilankhula, ndikulangiza aliyense amene amadodoma akakwiya kapena akachita mantha kuti asachite manyazi kupempha. Chovuta kwambiri sichinali kulemba fomuyo koma lamulo lakuti kope lake ulipereke kwa abwana ako ndipo ukhale ndi umboni woti alandira. Ndinalitumiza pa imelo usiku, ndipo m'mawa mwake ndinalowa pageti miyendo ikunjenjemera, ndikudziwa kuti aliyense mu ofesi waona dzina langa.

Masabata otsatira anali owawa kuposa ena onse. Palibe amene anandichotsa ntchito, chifukwa kuchotsa munthu pa chifukwa choti wagwiritsa ntchito ufulu wake ndi mlandu waukulu kwambiri pa lamulo la Labour Relations Act la 1995, ndipo chipukuta misozi chake chikhoza kufika malipiro a miyezi 24. Koma pali zambiri zimene bwana angachite osakuchotsa. Ovataimu yanga inatha mwadzidzidzi, anayamba kundiika shifiti ya usiku motsatizana, ndipo ndinalandira chenjezo lolembedwa chifukwa chochedwa mphindi zochepa, chinthu chimene sichinachitikepo m'zaka zonse zija. Zonsezi ndinazilemba m'kope langa n'kukazionetsa kwa mayi aja. Anzanga awiri obwera aja anakana kulowa nawo m'dandaulo, ndipo mmodzi anasiya kukhala nane nthawi yopuma. Sindinawakwiyire. Chitupa cha mmodzi wa iwo chinali chomangirizika ku kampaniyo, kotero kuti kutaya ntchito kukanatanthauza kutayanso chilolezo chokhala m'dzikomo, pamene changa sichinadalire bwana. Kulimba mtima kumene ena amanditamandira nako kunali ndi pogonera pamene iye analibe.

Tsiku la kuyanjanitsa linafika pasanathe mwezi. Ndinkayembekezera bwalo lamilandu lokhala ndi woweruza pampando wautali, koma ndinapeza kachipinda kakang'ono, tebulo limodzi ndi komishonala amene anatipatsa moni tonse mofanana. Pa gawo limeneli maloya saloledwa kuimira munthu, choncho ku mbali ya kampani kunabwera mkulu wa ofesi ya antchito, ndipo ine ndinali ndekha ndi envulopu yanga. Komishonala anafotokoza kuti iye sadzagamula kuti wolakwa ndani, kuti ntchito yake ndi kutithandiza kugwirizana, ndipo zolankhulidwa m'chipindamo ndi zachinsinsi, sizingakagwiritsidwe ntchito ngati umboni pambuyo pake. Anandipatsa mpata woyamba. Ndinalankhula mwina mphindi khumi, ndipo aka kanali koyamba kuti munthu wa ofesi ya kampaniyo andimvetsere mpaka kumapeto osayang'ana foni. Kenaka komishonala anatilekanitsa n'kumalankhula ndi aliyense payekha. Kampani inapereka ndalama pang'ono kuti ndisiye ntchito mwakufuna kwanga n'kutseka nkhaniyo. Ndinakana, chifukwa sindinapite kumeneko kukagulitsa ntchito yanga, ndinapita kukapempha kuti ndizilipidwa monga anzanga. Komishonala analemba satifiketi yosonyeza kuti mkanganowo sunathe.

Zikafika apa milandu yambiri ya tsankho imapita ku khoti la zantchito, kumene zinthu zimatenga nthawi yaitali ndipo munthu amafunika loya. Koma kusintha kwa lamulo kwa mu 2014 kunatsegula njira ina kwa anthu olandira ndalama zochepera mlingo umene nduna ya zantchito imakhazikitsa, umene kuyambira mu Epulo 2024 unali R254,371.67 pachaka, kuti mlandu wawo uweruzidwe ku CCMA komweko. Malipiro anga anali pansi kwambiri pa mlingo umenewo, choncho ndinalemba fomu ina, LRA 7.13, yopempha kuti mlanduwo uweruzidwe, ndipo imeneyinso ili ndi malire ake a masiku 90. Ndinayamba kukonzekera kuitana mboni, ndipo mnzanga uja anavomera kudzaima.

Sitinafike poweruza. Kutatsala masiku ochepa, kampani inapempha kuti tikambiranenso, ndipo ndikukhulupirira kuti chinawatembenuza ndi mndandanda wa masiku amene aliyense wa ife asanu ndi anayi analembedwa ntchito, umene unagwetsa yankho lawo lija la zaka. Tinagwirizana kuti andiike pamlingo wa woyendetsa makina, andibwezere kusiyana kwa malipiro kwa miyezi khumi ndi iwiri, achotse chenjezo lija m'failo yanga, ndipo ndisakhalenso pansi pa kapitawo uja. Mayi aja anandilangiza kuti ndisasainire pepala lililonse mu ofesi ya kampani ndili ndekha, ndipo mgwirizanowo tinakausainira ku CCMA n'kupempha kuti usandutsidwe chigamulo, kuti akapanda kuutsata ndikhale ndi pogwira. Kampani sinavomere kuti inachita tsankho, ndipo mawu amenewo analembedwa momveka bwino m'pepalalo. Kapitawo sanapepese. Ndalama za zaka zina zimene ndinayendetsa makina pamlingo wotsika sindinazipeze, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa ngati ndinachita bwino kuvomera m'malo molimbikira kuti chigamulo chituluke chotchula chinthucho ndi dzina lake. Ndinali nditatopa, ndipo kunyumba kunali ana ofuna fizi.

Patatha miyezi iwiri, anzanga awiri aja anaitanidwa ku ofesi mmodzimmodzi n'kuuzidwa kuti kampani yaunikanso milingo ya malipiro ndipo nawonso akwezedwa, ngakhale kuti za m'mbuyo sanawabwezere kalikonse. Amene anasiya kukhala nane uja anabwera nthawi yopuma, nakhala pambali panga, n'kutulutsa pepala lake latsopano la malipiro kuti ndimuthandize kuona ngati mlingo wa pa ola aulemba molondola. Tinauwerengera limodzi kawiri, ndipo unali wofanana ndi wanga.